Mpeni wa a Selemani walowa yunivesite

Ndiyambe ndi kulengeza, mwaulemu wonse woyenera, kuti sabata ino ndinabwerera ku yunivesite. Amene mwayamba kale kuwomba m'manja, tadikirani. Ndinakhalako maola anayi okha, ndipo ola lofunika kwambiri ndinalithera kuseri kwa khitchini, pakati pa nthenga za nkhuku.

Kwa inu amene mwangoyamba kumene kuwerenga tsamba lino, ndidziwike. Mwa anthu onse amene sanamalize sukulu pa Liwaladzi, wophunzira kwambiri ndine. Ndinapita ku koleji ya boma nthawi ya chipani chimodzi, ndinakhalako chaka ndi theka, kenako aphunzitsi anga ataona mapepala anga a mayeso anagwirizana onse kuti kumudzi akundisowa kwambiri. Ndinabwerako ndi sutikesi, dikishonale ndi dzina. Mpaka lero ngakhale ana amanditchula kuti a Pulofesa, ndipo ndimayankha, chifukwa kukana dzina limene anthu akupatsa ndi kudzikuza.

Ndiye Lachiwiri m'mawa ndili pakhonde, ndikuimenya makofi wailesi kuti ilankhule, ndinangomva "Odi!" Anali a Selemani, oyandikana nawo nyumba. A Selemani ali ndi mabwato awiri ndi ukonde umodzi wa chilimira, saphonya swala, mapemphero a Chisilamu aja, ngakhale imodzi, ndipo salankhula mawu awiri pamene amodzi angakwane. Kumbuyo kwawo kunali mwana wawo wamkazi, Mwanaisha, atagwira envulopu ndi manja awiri ngati mbale ya mazira.

"A Pulofesa, mwadzuka?"

"Ndadzuka, kaya inu a Selemani?"

"Mwanayu amuitana ansembe."

Nkhani yake ndi iyi. Mwanaisha anakhoza Folomu 4 kuposa mmene ndinakhozera ine, pamene ineyo ndinakhoza mpaka mudzi unavina. Koma ku yunivesite ya boma malo ndi ochepa, dzina lake silinamveke pa wailesi. Wakhala zaka ziwiri akuyanika usipa pathandala, akuwerenga nyuzipepala zakale asanakulungemo nsomba. Chaka chino, mwakachetechete, analembera ku yunivesite yatsopano ya Akatolika imene yatsegulidwa kummwera ija. Amuyankha. Akuti apite akaphunzire zauphunzitsi, ndipo akapanda kufika pofika Lolemba likudzali, malo ake apatsa wina.

Mukuganiza kuti pamudzi panamveka nthungululu? Panachitika msonkhano.

Amalume ake a Mwanaisha anati akamubatiza, adzabwera ali Mariya. Akuluakulu ena a kumzikiti anati sukulu ndi yabwino, koma nanga sukulu yokhala ndi belu la tchalitchi pakati? Musawaseke. A Selemani eniakewo analekera Sitandade 3, chifukwa tsiku lina anachokera kusukulu ya mishoni akuimba nyimbo ya kwaya, bambo awo n'kuwalanda sileti n'kuwapatsa nkhafi. Mabanja ambiri achisilamu kuno kunyanja ali ndi nkhani yangati imeneyi. Mantha awo sanayambe dzulo.

Komanso pali bambo wina wa golosale ku Dwangwa amene wakhala akutumiza moni pafupipafupi, moni wake wobwera ndi shuga ndi sopo. Kwa amalume aja, tsogolo la Mwanaisha linapezeka kale, ndipo lili ndi mashelefu.

"Ndawauza kuti ndikaone kaye ndi maso angawa," anatero a Selemani. "Pali chimene ndikufuna kukaona. Chikakhalapo, mwanayu atsala komweko. Chikapanda kukhalapo..."

Mwanaisha anayang'ana zala zake zakumapazi.

"Chinthu chake n'chiyani, a Selemani?"

"Mukachiona komweko. Inu ndinu Mkatolika, komanso munapondako ku koleji. Tiperekezeni."

Apa ndiulule kuti Chikatolika changa chili ngati digiri yanga: ndinayamba bwino. Koma munthu akakusankha kukhala kazembe sukana. Ndinasita jekete imene ndinapita nayo ku koleji ija, imene pano imakana kugwirizana mabatani, ndipo ndinalemba papepala mafunso khumi ndi awiri a munthu wophunzira. Mabuku alipo angati? Aphunzitsi anaphunzira mpaka pati? Wolephera mayeso mumamupatsa mwayi wolembanso? Funso lomalizali ndinalilemba kawiri, pa zifukwa za ine mwini.

Lachitatu tinakwera minibasi. Mwanaisha anafungatira chikwama chimene sankadziwa ngati chikagona kumeneko kapena chibwerera. Tisanafike ku Salima, pa rodibuloko, wapolisi anasuzumira pawindo.

"Bambo, m'kachikwama kanuko muli chiyani?"

A Selemani anatsegula. Munali mkeka woswalira, botolo la madzi, ndi chinthu china chachitali chokulunga m'nsalu yoyera. Wapolisi anafunyulula. Mpeni. Osati kampeni kosendera mango ayi, mpeni weniweni, wonyezimira moti ndinaona nkhope yanga ikuchita mantha mmenemo.

"Nanga uwu ndi wa chiyani?"

"Tikupita ku yunivesite," anayankha a Selemani.

Wapolisi anatembenukira kwa ine wa jekete. Ndinagwedeza mutu mwaulemu, ngati wotsimikiza kuti masiku ano ndi mmene maphunziro akuyendera. Anatipulumutsa ndi mayi wina wa ku Kanyenda amene anakhala kumbuyo ndi dengu la mpunga.

"Asiyeni bwana, awa ndi a Selemani. Mbuzi ya paukwati wa mwana wanga anazinga ndi mpeni womwewo. Ngati mukufuna kumanga womangidwa, mangani kondakitalayu, watipanikiza anthu asanu pampando."

Tinadutsa. Koma ine mtima sunakhale pansi. Ndaona anthu akupita ku koleji ndi ndowa, bulangete, ngakhale mbaula. Ndi mpeni, ndinali ndisanaone.

Tinagona m'tauni ya kufupi ndi sukuluyo kwa mbale wawo wa a Selemani, ndipo Lachinayi m'mawa tinafika pachipata cha yunivesite. Malo ake ndi a kumapiri, kozizira moti ife a kunyanja tinayamba kuyenda ngati nkhuku zonyowa. Anatilandira Sisitere wina wachikulire wa magalasi, wa mu ofesi yolembera ophunzira atsopano. Ataona kalata ya Mwanaisha anati atiyendetse aone okha bambo akewo.

Poyenda anatifotokozera mbiri ya malowo. Nyumba zambiri si zatsopano, kale zinali sukulu yophunzitsira aphunzitsi. Maepiskopi anakhala zaka akudandaula kuti ana akukhoza Folomu 4 n'kumangokhala pakhomo, mpaka anaganiza zotsegula yunivesite yawo. Anapenta makoma, anagula mabuku, anafuna aphunzitsi, n'kuyamba ndi ophunzira ochepa.

Achinyamata a lero simungamvetse kukula kwa nkhani imeneyi. Ife tinakulira m'dziko la chilichonse chimodzi. Chipani chimodzi, wailesi imodzi, yunivesite imodzi. Ikakutaya imodziyo, watayika basi, palibe khomo lina lokagogoda. Ine ndikudziwa, ndinali pomwepo. Matipate atabwera, zipani zinachuluka mpaka ena tinasowa makoma opachikapo nsalu zake. Mawailesi nawo anachuluka. Koma khomo lachiwiri la mwana wokhoza linachedwa kutseguka. Ndiye ndikaona chipata chatsopano cha sukulu, kaya chili ndi mtanda kaya chilibe, ndimavula chipewa.

Koma tsiku limenelo mtandawo ndiwo unandisowetsa mtendere. Ndinali nditatsimikiza mumtima kuti chimene a Selemani adzera ndi kuwerenga mitanda. Ndiye ndinadzipatsa ntchito yoibisa. Tikalowa m'kalasi, ndimathamangira kukaima pansi pa mtanda wa pakhoma n'kukweza manja ngati ndikudziwongola. Titafika pa chifanizo cha Amayi Mariya pakati pa maluwa, ndinaloza mbali ina n'kukuwa kuti, "Taonani thanki ya madzi iyo, a Selemani, kukula kwake!"

A Selemani anayang'ana thanki. Anayang'ana chifanizo. Anayang'ana ine.

"A Pulofesa, mukumva kupweteka penapake?"

Sisitere anatilowetsa mu laibulale. Kafungo ka mabuku kanandikumbutsa tulo tabwino timene ndinagonapo m'malo ngati amenewo. Ophunzira anali zii, aliyense mutu uli m'buku, palibe ngakhale mmodzi woika chipumi patebulo. Ndinawamvera chisoni. Ndinatulutsa pepala langa la mafunso, Sisitere anayankha onse mosatekeseka: maphunziro ndi a zaka zinayi, pali zauphunzitsi, zachitukuko, zachuma ndi zina, ndipo aliyense, kaya akuphunzira chiyani, amayamba walimbana ndi phunziro la kalembedwe ndi la kaganizidwe koyenera. Pa funso lija ndinalemba kawiri, anandiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Mwayi wolembanso ulipo, bambo. Mukufunsira mwanayu kapena mukufunsira wina?"

Ndinati ndikufunsira mtundu wa Amalawi.

Panja, pa bolodi ya zidziwitso, panali zithunzi za ophunzira ofuna mipando mu bungwe lawo. Wina analonjeza kuti akamusankha nyemba zizipsa. Ndinaima kaye kulemekeza mnyamata ameneyu, chifukwa chiyambire matipate ndi lonjezo loyamba limene ndaona kuti munthu angathe kulitsimikiza ndi mano. Panalinso chidziwitso cha kwaya, cha mpira wa atsikana, ndi cha wina amene wataya ndowa yobiriwira ndipo akuti akumudziwa amene watenga.

Ku hositelo ya atsikana, Mwanaisha, amene anali asanalankhule chichokereni ku Liwaladzi, anatsegula pakamwa.

"Sisitere, mpango wakumutuwu mudzandilola kuvala?"

Sisitere anagwira nsalu ya kumutu kwake.

"Mwana wanga, ukufunsa ine? Ine ndavala wanga zaka zambiri kuposa zako zobadwa. Tizikumbutsana kuchapa."

"Nanga Misa?"

"Belu limalira m'mawa, limaitana aliyense, koma lilibe manja okokera munthu. Lachisanu anzako amapita kumzikiti wa pamsika apo. Chimene sitikhululuka ndi kujomba kalasi."

Mwanaisha anamwetulira pang'ono, n'kuyang'ana bambo ake. Nkhope ya a Selemani inali ngati khoma. Mabuku anaona, mabedi anagwedeza, mpope anatsegula n'kutseka, koma osati "eya", osati "ayi". Kamwetulidwe ka mwana kaja kanazima. Ine ndinayamba kuwerengera mumtima kuti minibasi yobwerera tikaipeza nthawi yanji, ndiponso kuti wa golosale wa ku Dwangwa uja ukwati wake ndidzaukana bwanji.

Tili pafupi kubwerera ku ofesi, a Selemani anaima.

"Amayi, zonse ndaona. Ndili ndi funso limodzi. Nyama imene ana amadya pano amachinja ndani?"

Abale anga, ndinafuna kulowa m'thumba la jekete yanga. Tayenda ulendo wonsewu, tadutsa laibulale, munthu n'kufunsa za nkhuku? Ndinayamba kupepesa m'Chingerezi, chimene ndimachitulutsa pa ngozi zokha. Sisitere sanandimvere n'komwe.

"Tiyeni," anatero.

Anatitengera kuseri kwa khitchini. Pansi pa mtengo wa mapeyala panali bambo wina wachikulire wa kofiya yoyera, manja a malaya atapinda, nkhuku zili m'dengu pambali. Anali atangogoneka imodzi, atayang'anitsa kumene amayang'ana poswali, milomo ikutchula dzina la Mulungu. Tinadikira amalize.

"Awa ndi Che Yusufu," anatero Sisitere. "Bambo awo ndiwo ankazinga pano nthawi ya sukulu ya aphunzitsi ija. Titatsegula yunivesite tinadziwa kuti ana adzachokera konsekonse, ndipo adzadya pamodzi. Ndiye tinawapempha apitirize."

"Salamu alaikumu," anatero a Selemani.

"Alaikumu salamu. Alendo ochokera kuti?"

"Ku Nkhotakota."

"Ooh, akunyanja! Mwabwera kudzaphunzira mmene nyama imaonekera?"

A Selemani sanaseke. Anatambasula dzanja. Che Yusufu anamva, anatsuka mpeni wawo n'kuwapatsa. A Selemani anauyang'ana mbali zonse, anauyesa pa chikhadabo, anauyesanso pa ubweya wa pamkono.

"Ukudula. Koma chakunsongaku watopa."

"Watopa? Achimwene, inu akunyanja mpeni munaudziwira kuti? Usipa mumachinja umodziumodzi?"

"Ife timachinja mbuzi za maukwati, osati nkhuku za ana asukulu."

"Mbuzi zake ziti? Zija zimadya mchenga zija?"

Apa ndi pamene ndinaona mano a a Selemani koyamba chichokereni kwathu. Anatsitsa mawu n'kufunsa za nyama ina ija imene Asilamu satchula pa nthawi ya chakudya. Che Yusufu analoza miphika ikuluikulu imene inali pathandala.

"M'menemo siinalowemo. Ikanalowa, ine simukanandipeza pano."

A Selemani anagwedeza mutu kamodzi. Anatsegula kachikwama kaja, anafunyulula nsalu yoyera, n'kupereka mpeni wawo kwa Che Yusufu ndi manja awiri.

"Uwu ukhale kuno. Mwana wanga azidya zochinjidwa ndi mpeni wakwawo." Kenako anatembenuka. "Mwanaisha, katenge chikwama chako. Amayiwa akusonyeze pogona."

Mwanaisha anagwada pa nthenga pomwepo n'kugwira dzanja la bambo ake. Sanalire mokweza, ndi mwana woleredwa bwino. Amene analira ndi munthu wina wa jekete, koma chinali chifukwa cha utsi wa kukhitchini, ndipo nkhaniyi ithere pomwepa.

Tsono ndakhala ndikuganiza. Ine wa mafunso khumi ndi awiri, ndi a Selemani a funso limodzi, wophunzira anali ndani?

Kwathu kuno kuli mwambo umene sunalembedwe m'buku lililonse. Mkhristu akakhala ndi ukwati, maliro, ngakhale ubatizo weniweniwo, mbuzi sazinga yekha. Amatuma uthenga kwa Msilamu woyandikana naye kuti adzazinge, n'cholinga choti aliyense wobwera adye osafunsa. Palibe amene anatiphunzitsa zimenezi pa msonkhano wa mu hotela. Timangodziwa kuti ngati ukufuna munthu adzadye kwanu, umayamba kumuganizira mbuzi ikadali yamoyo. Kumuuza kuti "takulandirani" nyama ili kale m'mbale n'kumunamiza.

Masiku ano mawu akuti "takulandirani" atchipa. Andale amabwera pabwalo la mpira n'kutiuza kuti chipani chawo ndi cha aliyense, Msilamu ndi Mkhristu, wakumpoto ndi wakummwera. Masukulu amalemba pazikwangwani kuti sasankha. Maofesi nawonso. Koma ndani wa iwo amene anakuganizirani musanafike? Mwana wolumala akafika pasukulu ya "aliyense" n'kupeza masitepe okhaokha, amulandira? Mayi wakumudzi akafika pa ofesi ya "aliyense" n'kupeza mapepala onse ali m'Chingerezi, amulandira? Chikwangwani chimalembedwa tsiku limodzi. Kuseri kwa khitchini ndiko kumaoneka zimene anthu anaganiza kale.

A Selemani sanawerenge chikwangwani, mwina chifukwa cha sileti inalandidwa ija. Anapita kumene kulibe penti. Ndinawafunsa pambuyo pake za mitanda imene ndinavutika kubisa ija. Anati, "Mtanda uli pakhoma, a Pulofesa, mwana wanga ali ndi maso ake ndi mutu wake. Koma chakudya chimalowa m'thupi katatu patsiku. Anthu amene anaganizira m'mimba mwa mwana wa Msilamu asanamuone nkhope sangamubere chipembedzo."

Amenewa ndi mawu ambiri kuposa onse amene ndinawamva a Selemani akulankhula chaka chonse chatha. Nditawalemba, anandiuza kuti ndichepetseko.

Pobwerera, Lachisanu, tinakhala awiri pampando wa kumbuyo, malo a Mwanaisha atakhalapo thumba la kabichi la munthu wina. Titadutsa Salima, funso limene linkandiyabwa linatuluka.

"A Selemani, tinene kuti tinakapeza kulibe Che Yusufu. Tinene kuti nkhuku amangozipotokola makosi. Mukanabwerera naye mwana uja? Mukanamupereka ku Dwangwa?"

A Selemani ananditembenukira.

"Mukuganiza kuti mpeni ndinatengeranji?"

"Ndimayesa woyesera wa anzanu."

"Kukanakhala kulibe wochinja, ndikanawapempha ntchitoyo amayi aja. Mabwato akanayendetsa achimwene anga. Ine anandilanda sileti, a Pulofesa. Wanga salandidwa."

Ndinayang'ana pawindo nthawi yaitali. M'minibasi munalibe utsi wa kukhitchini woti ndiunamizire.

Pa rodibuloko paja tinapeza wapolisi yemwe uja. Anatizindikira.

"Bambo a mpeni aja! Lero uli kuti?"

"Watsala ku yunivesite," anayankha a Selemani.

Wapolisi anandiyang'ananso ine. Ndinagwedezanso mutu mwaulemu. Nanga ndikanatsutsa chiyani? Pa Liwaladzi tsopano tili ndi awiri amene alowa yunivesite sabata imodzi, Mwanaisha ndi mpeni wa bambo ake, ndipo ndikukhulupirira kuti onse awiri akhalitsako kuposa chaka ndi theka.

M'thumba la jekete yanga ndapezamo pepala limene sindinaikemo ndine. Ndi fomu ya akuluakulu ofuna kubwerera kusukulu, ndipo pakona pake pali mawu olembedwa ndi dzanja la Sisitere uja: "Ya mtundu wa Amalawi." Ndaiika pansi pa dikishonale kuti iwongoke. A Selemani adutsa kale kawiri kudzafunsa ngati ndasowa cholembera.

Iwo anali okonzeka kusiya mabwato awiri n'kukazinga nkhuku kumapiri kozizira kuti mwana wawo alowe m'kalasi. Nanga inu ndi ine, amene tili ndi zifukwa khumi ndi ziwiri zolembedwa bwino papepala, tanyamula chiyani m'chikwama?